Mphatso ya mnzanga wa ku ntchito: kadzidzi woumika, nyanga, kapena nsagwada za mcheni?

Nambewe (Moatize):
Moni nonse. Ndithandizeni maganizo. Ku ntchito kwathu kuno ku Moatize, ku Mozambique, tachita amigo oculto, zija zotola dzina la mnzako mwachinsinsi n'kumugulira mphatso, ndipo ine ndatola dzina la bambo wina amene mtima wake wonse uli pa nsomba ndi nyama za kutchire. Malire a mphatso ndi metikali 1,500, phwando lili pa 20 Disembala, lero ndi pa 26 Novembala. Kapu ndi malaya alandira kale zaka zonsezi. Pamsewu pali munthu akugulitsa zoumika: kadzidzi woimikidwa pa kamtengo, chigoba cha kamba chopaka vanishi, kang'azi kakang'ono, ndi nyanga za gwape zokhomera pa thabwa. Chabwino n'chiti pamenepa? Nanga ndidziwa bwanji kuti sichidzayamba kununkha pa desiki pake Januwale akamafika?

aJere (Ulongwe):
Mayi, tisanafike pa fungo tiyambe ndi ndende. Pa zinayi mwatchulazo, zitatu zili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zotetezedwa: akadzidzi a mitundu yonse, akamba a pamtunda onse, ndi ng'azi. Lamulo lathu la zachilengedwe la 2014 analikonzanso mu 2017, ndipo chilango chinakwera kufika zaka 12 mpaka 16. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti lamuloli silikhudza wopha yekha. Wogulitsa, wogula, wonyamula ndi wongosunga onse ali m'khola limodzi. Ndiye mukagula kadzidziyo n'kumukulunga m'pepala lokongola, mlanduwo mwausenza, kenaka n'kuupereka kwa mnzanuyo pamaso pa anthu onse a mu ofesi.

Gwape sali pa mndandanda umenewu, koma kusaka nyama iliyonse ya kutchire kumafuna chiphaso. Wogulitsayo mumufunse pepala losonyeza kumene nyangazo zinachokera. Akayamba kuseka kapena kutsitsa mtengo, yankho mwalipeza. Oyang'anira zimenezi kuno ndi a ANAC, nthambi ya boma yoona za malo otetezedwa, ndipo chiyambire 2013 pamene Mágoè anakhala paki ya dziko, zinyama za m'chigawo chathu chino cha Tete zikuyang'aniridwa ndi diso lina.

aBanda (Zóbuè):
Ndionjezepo za malire, poti a ku Moatize ambiri Khirisimasi amakadyera ku Mwanza, Ntcheu kapena Dedza. Bamboyo akaika mphatsoyo m'chikwama n'kudutsa nayo pa Zóbuè kapena pa Calómuè, kumeneko n'kutulutsa nyama kunja kwa dziko, kumafuna chilolezo cha CITES. Kutsidya ku Malawi nakonso lamulo lawo analikhwimitsa mu 2017, mpaka zaka 30 pa nyama zotetezedwa kwambiri. Mamba a nkaka, mano a mvuu, chikopa cha nsato kapena cha kambuku, zonsezo musayerekeze n'komwe kuzigwira m'manja ngati mukufunsa mtengo. Nkaka makamaka, malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa kotheratu pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016.

Nagama (Tete):
Ngakhale lamulo likanalola, kadzidzi mu ofesi ya kuno? Nambewe, mukufuna anthu asiye kudya nanu? Kadzidzi akalira padenga usiku anthu sagona, ndiye inu mumuike pa desiki pa munthu, maso ali tong'oo, mwezi womwe akuluakulu akukambirana za kukweza anthu pa ntchito. Bamboyo atha kukondwa, koma mphatso ya amigo oculto imatsegulidwa pagulu, ndipo mawa lake nkhani imakhala itafika kwa akazi ake.

Nyanga za gwape ndiye zoipa kuposa. Tinyanga tating'ono totere ndi timene anthu amati asing'anga amaikamo mankhwala, ndipo mawu akuti "ali ndi nyanga" tonse tikudziwa tanthauzo lake. Mukaithira mafuta kuti iwale, mwamaliza nokha. Fisi, njoka, nanzikambe, mleme, zonsezi zichotseni. Mano a njiri kapena a nguluwe funsani kaye ngati munthuyo si Msilamu. Zikopa ndi nthenga zooneka ngati za gule wamkulu sizoperekana pa phwando la mu ofesi, eni mwambo sangakondwe nazo.

Nambewe (Moatize):
Ii, mwandipulumutsa. Za nyanga zija sindinaziganize n'komwe. Ndiye chatsala n'chiyani chachilendo koma chosachititsa mantha?

aMwale (Songo):
Mwati amakonda nsomba. Mupatseni nsagwada za mcheni, uja wa mano wa mu Zambezi ndi Cahora Bassa amene Apwitikizi amati peixe-tigre. A ku Malawi musasokoneze ndi mcheni wa m'nyanja yanu, ndi nsomba ina imeneyo. Uyu wathu mano ake ndi osongoka, a pamwamba ndi a pansi amalowana ngati zala za manja awiri, ndipo akayeretsedwa bwino aliyense wolowa mu ofesi amaima n'kufunsa. Si nyama yotetezedwa, palibe amene amaiopa, ndipo mutu wake mumaupeza kwa asodzi kapena ogulitsa nsomba pa mtengo wochepa.

Sankhani mutu wa nsomba ya makilogalamu 3 kapena kuposa, waung'ono mafupa ake ndi opyapyala ngati pepala. Ukhale wauwisi kapena wa mufiriji, osati wowamba kapena wa mchere, chifukwa utsi ukalowa m'fupa suchokanso. Werengani mano musanalipire, nsomba yogwidwa mu ukonde nthawi zambiri imathyoka mano polimbana.

Musanadule kalikonse jambulani mutuwo ndi foni, kutsogolo, m'mbali zonse ziwiri ndi kukamwa kotsegula. Mutu wa nsomba si fupa limodzi ngati wa mbuzi, ndi timafupa tambirimbiri togwirana ndi mnofu, ndipo mnofu ukachoka timabalalika. Zithunzi zimenezo ndizo zidzakuuzani kuti kafupa aka kanali pati. N'chifukwa chake munthu woyamba kumene ndimamuuza kuti asiye mutu wonse, atenge nsagwada zokha, ya pamwamba ndi ya pansi.

Chotsani maso, zofiira zija nsomba imapumira, ndi mnofu wonse umene mpeni ungafike. Tenthetsani madzi mpaka atayamba kutulutsa nthunzi ndi timathovu pansi pa poto, koma asawire. Muviike nsagwadazo mphindi 3 mpaka 5, zivuuleni, mupale ndi mswachi wakale ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kubwereza. Mukaziwiritsa ngati ndiwo, mafuta amalowa m'kati mwa fupa, fupa limapindika, mano amagweruka onse. Madzi aliwonse amene mukutaya adutse pa sefa, chifukwa dzino limodzi likapita m'ngalande mphatso yanu yakhala yagweru.

aPhiri (Furancungo):
Bwanji osangouika pa chulu kuti nyerere zigwire ntchitoyo? Sizifuna malipiro.

aMwale (Songo):
Zimagwira, koma zimadzilipira zokha. Mano akamasuka zimawakokera kudzenje, ndipo nyengo ino ya mvula dothi lofiira likadontheza pa fupa limasiya banga losachoka. Agalu ndi amphaka nawo sagona. Wofuna njira imeneyo aike m'chitini chobowola timabowo tating'ono, achitseke, achitsendereze ndi mwala, pamalo osafika mvula. Pa mutu wa mbuzi ndi bwino. Pa mcheni ine ayi.

Njira ina ndi kuvundika m'ndowa ya madzi wamba yotseka, kuti mnofu uwole wokha. Ndi kutentha kwa ku Moatize sabata imodzi kapena masiku 10 zimakwana. Fupa limatuluka losaonongeka, koma fungo lake oyandikana nawo nyumba adzakuitanirani a bwalo.

Mnofu ukatha ntchito yeniyeni imayamba, yochotsa mafuta. Mcheni ndi nsomba yonona. Ikani mafupawo m'botolo la madzi ofunda muli sopo wamadzi wotsukira mbale, supuni imodzi yaikulu pa lita. Liikeni pamalo otentha, musinthe madzi masiku awiri aliwonse. Pamwamba pakasiya kuyandama timaso ta mafuta, ndipo fupa likauma osaonetsa mawanga achikasu onyezimira, zatheka. Muwerengere masiku 8 mpaka 10. Apa ndi pamene anthu amathamangira, ndipo fungo la Januwale limene mukuliopalo limachokera pomwepa. Fupa limaoneka loyera tsiku la phwando, kenaka kutentha kumatulutsa mafuta otsala m'kati, amachita chikasu n'kuyamba kununkha ngati nsomba ya dzana.

aPhiri (Furancungo):
Poyeretsa thirani javel pang'ono, mphindi khumi lili mbee.

Nachisale (Tete):
Ayi aPhiri, pepani, javel kapena jiki asayandikire fupa. Amadya chimene chimagwirizitsa fupa m'kati, ndipo sasiya ntchito ngakhale mutatsuka. Lero liyera, pakatha miyezi ingapo liyamba kufumbutuka ngati choko, m'mphepete mukusweka, mano akugwa. Palibe chobwezera.

Choyenera ndi água oxigenada ya ku famasi, mankhwala amadzi aja otsukira mabala (hydrogen peroxide). Yolembedwa 10 volumes ndi ya 3 peresenti, imakwana, muviike maola 12 mpaka 24 m'chidebe cha pulasitiki, chivindikiro chongoika osamanga chifukwa imatulutsa mpweya. Ya m'masaluni yosakaniza ndi mankhwala a tsitsi, 20 volumes, ndi ya 6 peresenti, ndipo 40 volumes ndi ya 12. Yomalizayi imaotcha khungu ndi maso, valani magolovesi, ndipo pa mafupa opyapyala a nsomba ndi yamphamvu mopitirira. Komanso musafune kuti liyere ngati mbale ya dothi. Likatsala ndi kamtundu ka mkaka limaoneka lenileni.

Dziwaninso kuti água oxigenada sichotsa mafuta, imangowabisa. Mukalumpha sopo uja n'kuthamangira kuyeretsa, mwadzinamiza.

aMwale (Songo):
Zoona zimenezo. Mukatsuka, umikani pamthunzi masiku atatu. Polumikiza gwiritsani guluu woyera wa akalipentala, uja amati cola branca. Amauma mosaoneka, ndipo mukalakwitsa mumanyowetsa n'kuyambanso. Supa guluu amasiya chifunga choyera mozungulira dzino ndipo sapereka mpata wokonza. Dzino lililonse mulibweze m'malo mwake ndi kadontho kamodzi. Nsagwada muzisiye zotsegula ngati zala ziwiri kapena zitatu, muzichirikize ndi kamtengo mpaka guluu atagwira, tsiku lathunthu.

Kenaka kalipentala akupangireni kabokosi ka galasi kutsogolo, mwina masentimita 20 m'litali ndi m'lifupi, 10 kuya kwake, m'kati nsalu yakuda. Thabwa la mlombwa, umbila uja, limakongola popanda penti. Galasi si yokongoletsa chabe. Mano amenewa amacheka ngakhale nsomba itafa kalekale, ndipo mu ofesi simulephera munthu wofuna kuyesa ndi chala. Vanishi pa fupa ayi, imachita chikasu ndi kutsekera chinyezi m'kati.

aBanda (Zóbuè):
Pali ena amaumika mutu wonse ndi khungu lake, kuubaya jakisoni ya fomalini n'kuupaka vanishi. Imeneyo ndi imene imaoneka kawirikawiri m'mabala.

Nachisale (Tete):
Imeneyo ndi ya m'mabala momwemo, kumene kuli mphepo ndi fungo lina. Fomalini ndi poizoni, imaluma m'maso ndi m'mphuno, ndipo ndi imodzi mwa mankhwala odziwika kuti amayambitsa khansa. M'chipinda chotseka muli makina oziziritsa mpweya, amene wakhala nacho pafupi tsiku lonse ndi amene amapuma. Kupatula apo mutu wotero suoneka bwino. Khungu la nsomba likauma limataya mtundu, mizere yakuda ija ndi kufiira kwa zipsepse zimazimirira, masaya amalowa m'kati, chimatsala chinthu chabulauni chokwinyika. Nsomba zokongola zimene mumaziona pakhoma m'malo ogona alendo osodza zambiri si nsomba zenizeni, ndi zoumba za fibreglass zopentedwa potengera muyeso ndi chithunzi, nsombayo inabwezedwa m'madzi.

aJere (Ulongwe):
Ine ndikanati chikopa cha mbuzi. Chigawo chino n'chodziwika ndi mbuzi moti dzina loti Cabrito de Tete linalembetsedwa mwalamulo, ndipo pamene amaphera mbuzi zikopa zimangounjikidwa. Chamawanga akuda ndi oyera chikafufutidwa bwino n'kuyalidwa pampando wa mu ofesi, n'chokongola ndithu. Mlandu palibe, mantha palibe.

Chikopa chimapulumuka kapena kuonongeka m'maola oyamba. Kutentha kwa ku Tete ndi Moatize, tizilombo timayamba kudya mizu ya ubweya mbuzi itangosendedwa, ndiye chifike pa mchere pasanathe maola awiri kapena atatu. Chimene chagona m'thumba la pulasitiki kuyambira m'mawa mpaka masana chisiyeni. Poyesa, tsinani ubweya wa pamimba ndi m'khwapa n'kukoka. Ukazuka mosavuta chayamba kale kuwola, ndipo palibe mankhwala oubwezera. Onaninso mabala a mpeni mochiunika padzuwa, osenda mothamanga amaboola m'mimba.

Chiyaleni pathabwa, ubweya pansi, mupale mnofu ndi mafuta onse ndi mpeni wosathwa kwambiri. Thirani mchere wosalala wolemera ngati chikopacho, mutikite mpaka m'mphepete ndi m'miyendo, poti m'mene mwapindika ndi m'mene mumawolera. Chitsamiritseni kuti madzi azitsika. Pakatha maola 24 kutumulani mchere wonyowawo, thirani watsopano, maola 24 enanso. Zonsezi pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa la kuno mafuta otsala amasungunuka n'kupsereza chikopa, chimauma gwa ngati chinangwa chouma ndipo sichifewanso.

Mchere wokha sikufufuta. Chikopa cha mchere wokha nyengo ya mvula chimakoka chinyezi, chimachita thukuta n'kumera nkhungu. Pofufuta mufunika alamu, amene m'masitolo a kuno amati pedra-ume. Sungunulani magalamu 450 m'malita 4 a madzi ofunda. M'ndowa ina sungunulani magalamu 110 a soda wochapira, osati wophikira therere, ndi magalamu 225 a mchere m'malita awiri. Thirani yachiwiriyo m'yoyamba pang'onopang'ono mukutakasa, chifukwa imachita thovu. Ndowa ikhale ya pulasitiki, yachitsulo imadetsa chikopa. Madzi akazizira, viikani chikopa chimene mwachinyowetsa kale ndi kuchitsuka mchere, muzichitembenuza kawiri patsiku kwa masiku 4 kapena 5. Dulani kachidutswa pakhosi pamene pali pochindikala. Mukaona kuti payera mpaka pakati, chapsa.

Tsukani, finyani osapotokola, pakani mafuta ofewetsera zikopa mbali ya mnofu, pang'ono chabe. Chikatsala pang'ono kuuma, chikokeni ndi kuchikhuta pamphepete mwa thabwa kapena pa chingwe chokungika, mbali zonse, mpaka chiyere ndi kufewa ngati nsalu. Chikauma chisanafewe, chinyowetseni pang'ono n'kuyambanso. Gawo limeneli ndi la mikono, ndipo ndi limene limasiyanitsa mphatso ndi chikopa cha ng'oma.

Nagama (Tete):
aJere, zonsezo mayiyu azichita nthawi yanji, akuweruka 5 koloko?

aJere (Ulongwe):
Masabata awiri ndi theka zimatheka, koma ndivomereze, chikopa choyamba cha munthu sichikhala chopatsa mnzake. Ndiye agule chofufuta kale, achiyese motere: achipinde kanayi, chisalire ngati katoni ndipo chisasiye mzere wosweka. Anunkhize mbali ya mnofu. Apake chala chonyowa n'kuona ngati pakutsala mchere. Ndipo amuuze wolandirayo kuti chikopa cha alamu sachapa, madzi amatsuka alamuyo n'kuchibwezera pa chiwisi.

Bamboyo akakhala Mngoni wa kuno ku Angónia kapena Tsangano, kachishango kakang'ono ka chikopa cha ng'ombe, ngati kamene amavinira ngoma, angakalandire ndi manja awiri. Koma mudziwe kaye kwawo.

Nachisale (Tete):
Pa zikopa pali chenjezo limodzi losaseka nalo. Chikhale cha nyama yophedwa ili bwinobwino, osati yofa yokha. Matenda a anthrax, amene kuno amati carbúnculo, amakhala m'chikopa, m'ubweya ndi m'mafupa zaka zambiri, mchere ndi dzuwa sizimawapha. Amagwira ng'ombe, mbuzi ndiponso mvuu. Munthu amawatenga kudzera pa kabala ka pakhungu, pamatuluka chilonda chakuda pakati. Chikopa chotchipa modabwitsa, chosadziwika kumene chachokera, chisiyeni. Chimodzimodzi mutu wa galu kapena nkhandwe yotola pamsewu, chiwewe chimakhala mu ubongo ndi m'malovu.

aPhiri (Furancungo):
Nanga nyanga za ng'ombe kapena za tonde wamkulu? Zimenezo palibe anganene kuti ndi za mankhwala, kukula kwake kokha.

aJere (Ulongwe):
Zikakhala ziwiri pa chigaza chake, zokhomera pathabwa, anthu amaziona ngati za m'khola basi. Imodzi yokha yoduka ndiyo imabweretsa mafunso. Vuto lake ndi lina. Nyanga ndi chivindikiro chovala pa fupa, ndipo pakati pake pali mnofu ndi magazi. Ambiri amatsuka kunja n'kukhomera pathabwa, pakatha sabata mphutsi zikugwa. Chivindikirocho chiyenera kuvulidwa. Vundikani mutuwo m'thumba lotseka masiku angapo kapena viikani tsinde la nyanga m'madzi otentha, kenaka potokolani mukukoka, chimachoka ndi kaphokoso. Fupa la m'katilo lidulenipo theka, tsukani m'mphako zake, umikani, wazani boraksi, ufa woyera woteteza ku tizilombo, n'kuvekanso ndi guluu. Água oxigenada isakhudze nyanga yeniyeniyo, imaitumbulutsa ndi kuisasantha. Pogula zokonza kale, gwedezani pafupi ndi khutu ndi kununkhiza patsinde. Koma pa desiki n'zazikulu, zimafuna khoma, ndipo khoma la ofesi si la bamboyo.

Nambewe (Moatize):
Wogulitsa uja alinso ndi nkhanga yoweta ndi tambala zoumika. Zimenezo poti n'zoweta lamulo silivuta, eti? Ndiziyang'ana pati?

Nachisale (Tete):
Silivuta, bola ikhaledi yoweta. Koma mbalame ndi imene imavuta kwambiri kukonza, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yokonza bwino imasendedwa yonse, khungu lokha ndi nthenga ndi limene limatsala, pamodzi ndi chigaza chotsuka ndi mafupa a mapiko ndi miyendo. Khungulo amalichotsa mafuta, kulipaka boraksi, n'kuliveka pa thupi lopanga ndi udzu womanga ndi ulusi kapena thovu louma, mawaya akudutsa m'miyendo, m'khosi ndi m'mapiko. Ndiye poyamba inyamuleni. Ikhale yopepuka modabwitsa. Ikalemera ngati nkhuku ya msika, mnofu udakali m'kati, angoibaya mankhwala n'kuiumika.

Nunkhizani kunsi kwa mchira ndi m'khwapa mwa mapiko, kumene mafuta amatsalira. Kokani nthenga ziwiri zitatu za pakhosi mofatsa, zisatsale m'manja. Yalani pepala loyera pansi pake, muigogode pang'ono. Pakagwa fumbi ngati ufa wa mgaiwa, timakoko ta mphutsi taubweya kapena tizidutswa ta nthenga, muli alendo. Ndi tizilombo tomwe tija timadya nsomba zouma m'matumba, takuda kumsana kotuwa kumimba, pamodzi ndi njenjete. Onani zala za miyendo ndi chipusi cha tambala kapena ndevu za nkhanga. Mbali zimenezi n'zamnofu, zimafota n'kuda, ndipo katswiri amazikonza ndi kuzipenta. Maso akhale agalasi olingana, oyang'ana kumodzi. Mikanda kapena mabatani m'maso zimasandutsa tambala kukhala chidole choopsezera ana.

Amene munafikako ku Maputo, nyama za mu Museu de História Natural, kuja kuli ana a njovu osabadwa oikidwa motsatana miyezi, ndiwo muyeso wa ntchito imeneyi. Za pamsewu kawirikawiri sizifika pamenepo. Zakalekale zimene munthu angakugulitseni kuti zinatsala m'nyumba ya atsamunda musazitenge, kale ankapaka khungu sopo wa arsenic, ndipo poizoniyo sathamo.

Nagama (Tete):
Ngati mtima uli pa nkhanga, tengani nthenga zokha. Sankhani 7 kapena 9 za madontho oonekera bwino, za mapiko ndi za pamsana. Zitsukeni m'madzi ofunda a sopo, tsukuluzani, umikani ndi chowumitsira tsitsi pa mphepo yozizira, muzisalaze ndi zala kuchokera kutsinde. Zisokereni ndi ulusi pa pepala lolimba loyera, muike mu felemu ya galasi yomata kumbuyo konse ndi tepi kuti kachilombo kasapeze polowera. Masiku atatu zatha, ndipo simudzamva wina akunong'ona. Kungoti kwa munthu wokonda nsomba, mcheni ukuposa.

aBanda (Zóbuè):
Chilichonse cha nthenga kapena ubweya chiyambe chagona mufiriji musanachikulunge. Osati m'kabokosi ka ayezi ka firiji wamba, koma firiji youmitsa yeniyeni yofika madigiri 18 pansi pa ziro. Chimangeni m'matumba awiri a pulasitiki, mufinye mpweya, chikhalemo masabata awiri. Magetsi akazima tsiku lathunthu muyambirenso kuwerenga, chifukwa mazira a tizilomboti amapirira. Potulutsa musamasule thumba mpaka patatha tsiku, kuti thukuta la kuzizira ligwere kunja kwa thumba osati pa nthenga. Mafupa omata kale ndi guluu musawaike, mano amang'aluka.

Timibulu ta naftalina ndi tothamangitsa njenjete, koma fungo lake mu ofesi anzake sangalipirire, ndipo kunyumba ana amatiyesa maswiti.

aMwale (Songo):
Posunga zinthu zimenezi, adani ake amasiyana malinga ndi malo. Ku Moatize ndi ku Tete mdani ndi kutentha ndi dzuwa la pawindo, limafwifwitsa ubweya ndi kung'alula mano. Kumtunda kwa aJere mdani ndi chinyezi ndi nkhungu. M'kabokosi mubisemo timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, tiwiri, kuseri kwa nsalu. Fumbi apukute galasi lokha.

Tiwerengenso masiku anu, mayi. Mutu muupeze pasanafike pa 29 Novembala. Kupala tsiku limodzi. Sopo mpaka pa 10 Disembala. Kuyeretsa pa 11, kuumika mpaka pa 14, kumata pa 15 ndi 16. Kabokosi kalipentala mumuuze mawa lomwe, musadikire mafupa, Disembala akalipentala amalonjeza aliyense. Mugule mitu iwiri. Wachiwiriwo ndi wophunzirira ndiponso nkhokwe ya mano, lina likathyoka mutenga kumeneko lofanana kukula.

Nagama (Tete):
Ndipo muikemo kakhadi kolemba ndi dzanja: dzina la nsomba m'chinenero chathu ndi m'Chipwitikizi, la asayansi Hydrocynus vittatus ngati mukufuna, kumene inagwidwa, mwezi ndi chaka, kulemera kwake. Kakhadi kameneka kamagwira ntchito yaikulu. Bokosi likatsegulidwa pagulu, munthu asanayambe kuganiza zake amawerenga kaye, n'kuona kuti ndi nsomba ya ku Cahora Bassa imene tonse timadya. Dzina la bamboyo musalilembe pa fupa kapena m'kati mwa bokosi, lembani pa pepala lokulungira. Dzina la munthu pamodzi ndi mafupa, mukudziwa kale mmene ena angazionere.

Musanayambe n'komwe, tumani mnzanu wina amufunse mwakuseka ngati angaike mano a mcheni pa desiki. Pali anthu okonda kusodza amene safuna chakufa chilichonse pafupi, ena chifukwa cha mpingo, ena akazi awo. Safunsa anadya phula.

Nambewe (Moatize):
Zikomo nonse, kadzidzi atsale ndi mwini wake. Ndapita ndi mcheni, mitu iwiri, kabokosi ndikalamula mawa. Funso lomaliza aMwale: ndikafika pa 10 Disembala mafuta akadali kuyandama, ndichite bwanji?

aMwale (Songo):
Musayeretse, pitirizani ndi sopo mpaka pa 14, muzisintha madzi tsiku lililonse ndipo akhale ofundirapo, oti dzanja n'kupiriramo. Zikakanikabe, umikani mafupawo tsiku limodzi, muwaviike mu acetone, uja wochotsera penti ya m'zikhadabo koma wosasakaniza ndi mafuta onunkhira, m'botolo lagalasi lotseka, masiku awiri, panja, kutali ndi mbaula ndi fodya chifukwa amayaka msanga. Kumata kudzakhala pa 18, guluu adzakhala atagwira pofika pa 19 madzulo. Ponyamula pa chapa, minibasi ija, bokosilo likhale pamiyendo panu, galasi likuyang'ana kumwamba.